Mwala wa Pachitseko cha Jinia

Simcoe, Ontario
12 Epulo 1998

Jinia wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, bondo lija litakuleka. Ine ndafika bwino kuminda ya maapozi, kungoti chisanu cha kuno chandilandira ngati tinayambana chaka chatha.

M'ndege ndimakumbukira tsiku limene ndinafika koyamba pakhomo pa amayi ako. Ndinavala malaya a mkulu wanga, manja ake ofika m'zala, nditanyamula nsomba ziwiri zoti ndipezere poyambira kulankhula. Chitseko chinali chotsegula, atachitsamiritsa mwala wakuda uja wa kunyanja. Ine ndi manthawo ndinaupunthwa, nsomba uko, ine uko. Amayi ako anatuluka, ndolo zawo zagolide zikugwedera, n'kundiyang'ana ndili chigonere. Anati, "Mnyamata iwe, kwanu amalowa m'nyumba ndi mphuno? Dzuka, ubwerere kumsewu, ukayambirenso. Pakhomo pa anthu amati odi." Iwe unali kuseri kwa katani, ndipo kuseka kwako kuja ndimakumvabe.

Mwala womwewo tinasamuka nawo pomanga yathu ku Morne Siwo. Kiyi wa chitseko anatayika chaka chimene mwana wathu Solange anabadwa, ndipo sitinamufunenso. Lero Solange ali kubanja ku Martinique, chitseko chikadali cha mwala.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikufuna kukupempha chinthu chimene ukana. Ugule loko. M'basi yochokera kubwalo la ndege anzanga amakamba za golosale ya a Alcide, kuti anyamata awiri analowamo ndi mfuti dzuwa likuswa mtengo. Mfuti, Jinia, pa St Lucia pathu pamene kale wakuba anali munthu wothyola mapeyala a mnzake. Chigwereni mtengo wa nthochi pamsika anyamata akungokhala pamlatho, ndipo mabwato ena amene amakocheza kugombe sabwera ndi nsomba koma mankhwala ozunguza bongo. Uli wekha pa phiri paja. Pa madola amene ndatumiza upatulepo a loko, otsala ugulire mbuzi chingwe chatsopano.

A Kompe Boniface akupereka moni. Chaka chinonso agona bedi lapamwamba, ine pansi, ndipo mkonono wawo sunakalambe. Akudandaula za mwana wawo Kervin, amene wakhala opanda ntchito chitsekereni shedi yopakira nthochi. Ndi mwana wathu wa ubatizo, iwe ndiwe unamunyamula kutchalitchi, n'chifukwa chake bambo ake ndi ine timatchulana kuti Kompe. Umuitane adzasadze mtengo wa mango umene ukukhudza denga, umupatse kenakake.

Ndine wako,
Cletus


24 Meyi 1998

Jinia wanga,

Moni wa kuno. Ndakondwa kumva kuti uli bwino ndi kuti mbuzi yaikazi yaswa awiri. Ine ndili bwino. Kachifuwa kamene ndinakuuza chaka chatha kamabwera tikamapopera mankhwala, koma si kanthu. Mnyamata wina wa ku Jamaica anamubweza kwawo chifukwa chodwaladwala, choncho ine ndimatsokomolera m'chipewa.

Yankho lako la loko ndawawerengera anzanga, aseka mpaka kugwetsa madomino. Iwe wati, "Loko ndi wa anthu a ku Castries amene sadziwa dzina la woyandikana naye." Tofi, mwamuna wa Agnita wa kumunsi kwa tchalitchi uja, wati, "Cletus, mkazi wakoyo ndi loko payekha. Wakuba atalowa angatuluke atasesa m'nyumba ndi kutsuka mbale." A Kompe anamuyankha kuti, "Iwe Tofi, kwako wakuba angalowe, aone umphawiwo, akusiyire yekha ya sopo." Ndinaseka nawo, koma loko ndagula kuno. Ali mu mgolo umene ndikudzazira kunyumba, pamodzi ndi mafuta ophikira, mpunga ndi nsalu ya makatani.

Maapozi achita maluwa. Munda wonse wayera mpaka kumene maso alekezera, koma fungo lake silifika pa la khofi wathu akachita maluwa kuseri kwa khitchini. Lamlungu tinaphika nsomba yamchere ndi nthochi zaziwisi. Nthochi zinayi zokha mtengo wake ngati mkoko wathunthu kwathu, ndipo zinali zolimba ngati mpini. A Kompe ndiwo anaphika, ine ndinatsuka mphika, monga mwa nthawi zonse.

Wachita bwino kumudyetsa Kervin atatha kusadza. Bambo ake atamva anangopukuta m'maso, amvekere, "Ma Cletus ndi mayi," kunena iweyo. Iwe wati Kervin waonda ndipo sakuyang'ana munthu kumaso. Zimenezo sindinawawerengere.

Madzulo dzuwa la kuno limachedwa kulowa, ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Ndimakhala pa sitepe n'kumaganiza kuti nthawi imeneyi wakhala pakhomo, miyendo pamwala, ukusenda koko. Undisungireko timitanda tiwiri ta koko wa tiyi.

Wako,
Cletus


5 Julayi 1998

Jinia,

Sindidziwa ngati ndifunse kuti uli bwanji. Ine thupi lili bwino. Kalatayi ndaitumiza kwa mng'ono wako Marcelline ku Castries, chifukwa ndamva kuti ndiko uli.

Mwezi wonse wa Juni kalata yako sinabwere, ndimati mwina ndi positi. Dzulo Tofi walandira kalata ya Agnita, n'kuyamba kutiwerengera mokweza monga amachitira, akusintha mawu ngati mkazi. Atafika pakati anaima. Ndinati, "Pitiriza, wakumana ndi liwu lachizungu?" Iye anangopinda kalatayo n'kundipatsa.

Akuti munthu anakulowera m'nyumba masana Lachiwiri lina, anthu ali kuminda, nkhope atakulunga ndi malaya, mfuti ili m'manja. Akuti anatenga wailesi, ndalama za m'kabati, ndi ndolo za amayi ako, ndipo ndolozo unachita kuvula wekha m'makutu. Akuti m'mawa mwake unamangirira mbuzi kwa Agnita, n'kukwera minibasi ndi chikwama chimodzi. Chitseko unangochikankha.

Jinia, phiri lonse likudziwa, a Solange ku Martinique akudziwa, ine ndimve kuchokera m'kamwa mwa Tofi? Sindikukalipa. Ndikungofunsa ngati anakukhudza. Undiuze chimenecho chokha, zinazo ndi katundu.

Ndinapita kwa bwana kukafunsa za kubwerera msanga. Wati ndikhoza, koma tikiti ndi yanga, ndipo chaka chamawa sadzalemba dzina langa. Ukudziwa kuti kuno munthu amabwerera pokhapokha mwini munda akamutchula dzina. Ukati bwera, ndibwera, dzinalo likhale.

A Kompe akwiya kuposa ine. Akungozungulira m'nyumba muno ndi chikwanje chosadzira, amvekere, "Galu ameneyo ndikadzamupeza, a Kompe, dzanja limene linaloza mfuti Ma Cletus ndidzalidula ndekha. Pa chilumba chonga mbale ngati chathu akabisala kuti?" Akundiphikira, akundichapira, sakulola kuti ndikhale ndekha.

Ndilembere, ngakhale mizere iwiri.

Cletus


2 Ogasiti 1998

Jinia wanga,

Kalata yako yafika. Ndathokoza Mulungu kuti sanakukhudze, ndi kuti kwa Marcelline ukugona ndithu ngakhale pang'ono. Ine ndili moyo. Ndamva kuti ndisabwere, ndimalize nyengo. Ndimvera.

Zinazo ndawerenga kuseri kwa nyumba yosungira mathirakitala, kenako ndinakhala pansi nthawi yaitali.

Wati munthuyo asanalowe anaima pakhomo n'kunena kuti, "Odi m'nyumba muno." Nkhope yokulunga, mfuti m'manja, koma pakamwa panatsogola pokha. Kenako anapukuta mapazi pa chiguduli, n'kudumpha mwala osauponda. Wati iwenso pakamwa panatsala pang'ono kuyankha kuti, "Lowa, Kervin." Ndani wina akanatero? Ndiwe unamuphunzitsa, ukumukoka khutu ali wamng'ono, kumubweza kumsewu kuti akayambirenso monga anandichitira amayi ako. Ndipo wati pamene unkavula ndolo, iye anayang'ana kukhoma.

Ndine ndinati umuitane adzasadze mango. Ali mumtengo muja ankaona m'nyumba monse.

Wapolisi anakufunsa ngati unaona nkhope, iwe unati ayi, ndipo sunaname. Ndikumvetsa chifukwa chake. Mfutiyo si yake, ndi ya anthu a mabwato aja, ndipo kwathu mboni imakwera minibasi imodzi ndi abale a amene yamuneneza. Komanso ndiwe Nenen wake, mayi wake wa ubatizo, unalonjeza pamaso pa wansembe kuti udzamuyang'anira. Mayi wa ubatizo amakapereka bwanji mwana kundende? Nanga amakhala bwanji m'nyumba imene mwanayo wamulozeramo mfuti? Zonse ziwiri ndazitembenuza, palibe chimene chikupsa.

Koma zoti tigulitse nyumba, Jinia, dikira. Wati sungathe kukhalanso pakhomo pamene ukamva odi mtima umalumpha. Wati Marcelline wapeza munthu wa ku England wofuna malo a paphiri oonera nyanja. Usasaine kanthu ndisanafike. Matabwa a nyumba ija tinawanyamula pamutu kuchokera kumsewu, iwe uli ndi pakati. Ine kuno ndimapirira chisanu chifukwa ndikatseka maso ndimaona khomo lija, iwe uli pamenepo. Ukalichotsa, ndiziona chiyani?

A Kompe sindinawauze. Ndikudya za mumphika wawo, ndikugona pansi pa bedi lawo. Dzulo anandifunsa kuti, "Ma Cletus akuti chiyani, apolisi apeza fungo?" Ndinati ayi. Anati, "Musadandaule, ndalembera Kervin kuti azikayendera nyumba yanu, asalole munthu kuyandikira." Ndinaika supuni pansi.

Wako nthawi zonse,
Cletus


6 Sepitembala 1998

Jinia wanga,

Ndikhulupirira uli bwino, pamodzi ndi Marcelline ndi ana. Ine chifuwa chachepa chilekereni kupopera. Tayamba kuthyola, tsiku lonse pamakwerero, thumba lili pamimba ngati mayi wapakati.

Ndawauza.

Sindinakonzekere. Lachisanu basi ya bwana inatitengera m'tauni kukagula zinthu, monga imachitira. Tinalowa m'sitolo ya nsapato, a Kompe n'kunyamula zoyera zina zamasewera, zokwera mtengo kuposa zimene iwo avalapo moyo wawo wonse. Anati, "A Kompe, taonani, phazi la Kervin ndi lalikulu ngati lanu. Tayesani, zikakukwanani ndiye kuti zimukwana." Ndinakhala pa benchi, iwo anagwada n'kuyamba kundimasula zingwe za jombo. Munthu wa imvi, mawondo otupa ndi makwerero, kugwada pansi chifukwa cha phazi limenelo.

Ndinati, "A Kompe, dzukani. Phazi limene mukuligulira nsapatoli ndi limene linalowa kwanga."

Anaseka kaye. Anati, "Mwayamba kumwa masana?" Ndinawauza za odi, za chiguduli, za mwala. Pa mwalapo ndi pamene anasiya kuseka, chifukwa iwonso amaudumpha, aliyense woleredwa pafupi ndi khomo lathu amaudumpha. Anakhala chigwadire, nsapato ili m'manja, mpaka mtsikana wogulitsa anabwera kudzafunsa ngati bamboyo akudwala.

M'basi anakhala kumbuyo okha. Tofi anayesa nthabwala, amvekere, "Kodi banja la bedi losanjikiza latha?" Palibe anaseka. Sabata yonse sanandilankhule, ndipo mkonono uja unasiya, ndiye ndinadziwa kuti sakugona. Chakudya ankaphikabe, n'kundisiyira mbale yanga yovundikira patebulo, iwo n'kukadyera panja. Ine ndinkatsuka mphika. Tinkaopa ngakhale kukwezerana mawu, chifukwa kuno anthu awiri akamenyana onse amakwera ndege.

Lachinayi tinapezeka pa mtengo umodzi, iwo mbali iyo, ine mbali ino, masamba ali pakati. Sindinkaona nkhope yawo. Anati, "A Kompe, dzanja lija ndinati ndidzadula. Ndi langa lomwe." Anati, "Chibadwire mwanayo, mango a kwathu sindinawaonepo akupsa. Ndimachoka ali maluwa, ndimabwera atatha. Mwana ndamulera ndi migolo." Kenako anafunsa kuti, "Mukufuna apolisi? Mukafuna, ndikamugwira ndekha pamkono." Ndinati amene analozedwa mfuti si ine, yankho lili ndi Jinia.

Ndiye ndikukufunsa za apolisizo. Sindikukankhira mbali iliyonse. Tsiku lina ndimafuna atamangidwa, tsiku lina ndimakumbukira akugona pamiyendo pako pa Misa, chala chili m'kamwa.

Nsapato zija sanagule. Umuuze Agnita kuti mbuzi yamphongo akhoza kugulitsa, atengepo ya vuto lake.

Cletus


4 Okutobala 1998

Jinia wanga,

Moni. Ndili bwino, kungoti m'mawa zala zimakana kupinda. Masamba ayamba kufiira ndipo atsekwe akudutsa m'mwamba kulowera kumwera, kwathu. Ndimawachitira nsanje.

Sunandiyankhe, ndipo sindikukufulumizitsa. Ndingokuuza zimene zafika kuno. A Kompe anaimbira foni mkazi wawo Lucille ku positi ofesi. Mayiyo ankadziwa kale, anapeza ndolo imodzi m'thumba la buluku la Kervin pochapa, ndipo chiyambire Juni sapita kutchalitchi kuopa kukumana ndi maso a anthu. Inzake mwanayo anagulitsa. Kervin akubisala kwa amalume ake kumapiri, akuthawa eni mfuti, pakuti amutuma ntchito ina ndipo wakana. Sindikunena izi kuti umumvere chisoni.

Marcelline wandilembera kuti munthu wa ku England uja wabwera kawiri ndipo wawonjeza mtengo. Akuti akufuna kugwetsa nyumba, amange ya njerwa, yampanda wautali ndi agalu. Ngati mtima wako wafikadi pamenepo, Jinia, ndidzasaina. Kuli bwino ndikhale nawe m'kachipinda ka lendi ku Castries, mawindo a zitsulo, kusiyana n'kukhala ndekha paphiri ndi mwala. Koma ndikanakonda tikanaliona kaye limodzi khomolo, kamodzi kokha, masana.

Mgolo ndatumiza. Loko ndamuchotsamo, ndibwera naye m'chikwama.

Wako,
Cletus


25 Okutobala 1998

Jinia wanga, mkazi wanga,

Kalata yako yafika Lachitatu, ndipo ndili bwino kuposa mmene ndakhalira chaka chonse. Ndasangalala kuti bondo lakulola kuyenda mpaka kumsika.

Wati unakumana ndi Lucille pa mzere wa nsomba, iye n'kufuna kuthawa, koma dengu lake linakola pa lako. Wati anakutambasulira kampango muli ndolo ija, iwe n'kumuuza kuti, "Sunatenge ndiwe. Aibweze amene anaitenga, pamene anaitenga." Ndinawawerengera a Kompe mawu amenewo, anavula chipewa.

Zonse zimene walamula a Kompe avomera. Mfuti ikaperekedwe kwa wansembe tsikulo lisanafike, iye ndiye akaipereke kupolisi. Kervin abwere masana, tsiku la Oyera Mtima Onse, pa 1 Novembala, anthu asanapite kukayatsa makandulo kumanda. Adzere msewu waukulu, osati njira ya m'nthochi, nkhope ili poyera, bambo ake mbali iyi, mayi ake mbali iyo, phiri lonse likuona. Aime pakhomo, anene odi, adikire. A Kompe anafunsa kuti, "Nanga Ma Cletus akapanda kuyankha?" Ndinati kalatayo sinanene kuti ayankha. Anati, "Ndiye adzaima pomwepo mpaka adzamere mizu." Tofi wati abwera ndi mpando kudzaonerera, a Kompe amuuza kuti akayerekeza adzaudya mpandowo. Aka n'koyamba kuwamva akutukwana munthu chichokereni m'sitolo muja, ndipo usiku wake mkonono unabwerera.

Ndamvanso kuti za apolisi ndi za nyumba udzanena ukadzamuona m'maso, osati kale. Sindifunsanso. Madzulo ake tidzapita limodzi kumanda a amayi ako, ndolo imodzi kapena opanda ndolo.

Ndege yathu itera Lachisanu pa 30. Wati ndisabwere kwa Marcelline, ndikagone kwa mkulu wanga, chifukwa ukufuna kukwera phiri wekha m'mawa wa tsikulo, utsegule mawindo, uone ngati miyendo ikulola kukhala m'nyumbamo. Zandivuta, koma ndamva. Ndidzabwera dzuwa litakwera pang'ono, enawo asanafike. Loko ali m'chikwama, mwala uli pomwe unausiya. Udzasankha wekha chimene tiike pachitseko.

Ndidzavala malaya ondikwana ulendo uno, ndipo nsomba ndidzazigwiritsa. Ndidzaima pakhomo, ndidzati odi. Mawuwo ukadzawamva mtima usadzalumphe, Jinia. Adzakhala anga.

Ndine wako,
Cletus